Bokosi lojambulira ndolo, mikanda ndi uchi: momwe ntchito yayendera kuyambira Malichi

Ine ndi mng'ono wanga timapanga ndolo, zibangili ndi mikanda ya m'khosi kunyumba ku Chilomoni, ndipo timagulitsa pa Facebook ndi WhatsApp. Timagulitsanso uchi wa m'mabotolo womwe azakhali amatitumizira kuchokera kumudzi. Makasitomala athu ambiri sitinaonanepo nawo maso ndi maso. Amangoona chithunzi, kutumiza ndalama pafoni, ife n'kupereka katunduyo pabasi. Zolembazi ndi za bokosi lomwe ndakonza pang'onopang'ono kuti zithunzizo zizionetsa katundu momwe aliri.

8 Malichi 2025: pawindo sipakuthekanso

Ndakhala ndikujambulira pawindo la pabalaza. Kuwala kwake n'kwabwino koma sikukhazikika. M'mawa kumapendekera kubuluu, madzulo kuchikasu, ndipo nyengo ya mvula ino mtambo ukangodutsa chithunzi chimada. Ndolo za mikanda yomweyomweyo, zina zojambulidwa m'mawa zina madzulo, zimaoneka ngati katundu wosiyana.

Chandikakamiza kuyamba ntchitoyi ndi mayi wina wa ku Mzuzu yemwe anaitanitsa mikanda yamaruni yoti igwirizane ndi nsalu ya pachinkhoswe cha mwana wawo. Katundu atafika anandiimbira nati, "Mayi, mtundu uwu si umene munandionetsa pafoni uja." Ankanena zoona. Pachithunzi inkaoneka yofiira kwambiri. Ndalama ndinawabwezera, ya basi yobwezera katundu ndinalipiranso.

Ku Limbe ndapeza kabokosi kopangidwa kale, kopindika, ka masentimita 40, kokhala ndi timagetsi take m'kati. Mtengo K95,000. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chikuluma. Ndakasiya.

15 Malichi: katoni

Katoni yaikulu yapagolosale, pafupifupi masentimita 50 mbali zonse: K1,000. Mapepala atatu a tracing paper, omwe ojambula mapulani a nyumba amagwiritsa ntchito: K2,700. Manila yoyera imodzi: K1,500. Selotepi: K1,800.

Ndaboola mawindo atatu, kumanzere, kumanja ndi pamwamba, n'kusiya m'mphepete masentimita 5 kuti katoni isalefuke. Mawindowo ndatsekapo mapepala aja. Manila ndayimata kumwamba kwa khoma lakumbuyo n'kuisiya itsike mokhota mpaka pansi, osaipinda. Mukaipinda, mzere wa pomwe mwapindapo umaoneka kumbuyo kwa katundu pa chithunzi chilichonse.

Nditayesa padzuwa la pakhonde, mikanda yoyera yatuluka yakhaki. M'kati mwa katoni ndi mwabulawuni, ndipo kuwala kukagunda pamenepo kumabwerera pa katundu kutatenga mtunduwo. Ndamata mapepala oyera a A4 paliponse m'kati. Mapepala ndi guluu: K2,000. Khaki uja watha.

22 Malichi: mababu awiri, mitundu iwiri

Mababu awiri a LED a 9W, K4,500 lililonse. Maholda awiri a mapini, okankha n'kupotoza aja, omwe pachikatoni amalemba B22: K3,000. Waya mamita 4: K4,800. Pulagi: K2,500. Wamagetsi wa m'dera lathu walumikiza zonse pa K5,000. Wachotsanso fyuzi ya 13A yomwe inali m'pulagi n'kuikamo ya 3A, ati mababu awiri sakoka mphamvu yambiri ndipo waya wochepa chotere akufunika fyuzi yoduka msanga. Holda iliyonse wayikhomera pa kamtengo, timitengoto ndazika m'zitini za mkaka zodzaza mchenga. Zikuima bwino ndipo zikusunthika.

Chithunzi choyamba: mbali ya kumanzere ya chibangili yabuluu, ya kumanja yachikasu. Tizikatoni ta mababu n'tofanana kunja, koma pa timalemba tating'ono ta m'mbali lina lalembedwa 6500K, lina 3000K. Nambala imeneyi ndi ya mtundu wa kuwala. Ikakhala yaing'ono kuwala kumakhala kwachikasu, ikakhala yaikulu kumapita kubuluu. Foni imatha kukonza mtundu umodzi pa chithunzi, iwiri nthawi imodzi siingathe. Mwini sitolo wandisinthira popanda vuto, tsopano onse ndi 6500K.

Chifukwa chomwechi, pojambula ndikuzimitsa getsi la padenga ndi kutseka makatani. Kuwala kulikonse kolowerera kumabwera ndi mtundu wake.

29 Malichi: mizere yakuda

Vuto ili ndi lomwe landitayitsa nthawi kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti anzanga ambiri ogulitsa pa intaneti amaliona osadziwa chomwe chimachititsa. Pa sikirini ya foni pakuoneka mizere yakuda yopingasa, ikuyenda pang'onopang'ono. Pa chithunzi imatsala ngati zigawo, china chowala china chakuderapo. Ndi maso mababuwo akuyaka bwinobwino.

Magetsi athu kuno ndi a 230V, 50Hz. Babu la LED lotchipa limatsatira kugunda kwa magetsiko, limawala n'kuchepa ka 100 pa sekondi iliyonse. Diso silingaone. Kamera ya foni siitenga chithunzi chonse nthawi imodzi, imawerenga mzere ndi mzere kuyambira mbali ina mpaka ina. M'bokosi muli kuwala kochuluka, ndiye foni imadzisankhira liwiro lalikulu lojambulira, 1/500 ya sekondi kapena kuposa. Mizere ina imawerengedwa babu lili powala, ina lili pochepa.

Chathandiza ndi kulowa mu Pro pa kamera, momwe umadzisankhira wekha zonse, n'kuika shutter, liwiro lojambulira lija, pa 1/100. Pa liwiro limeneli mzere uliwonse umalandira kugunda kumodzi kwathunthu, ndipo zigawo zija zimasowa. Pa 1/50 zimathekanso. Pa 1/125 mizere imabwerera pang'ono. Kenako chithunzi chinayera mopitirira, chifukwa kuwala kukulowa nthawi yaitali. ISO, nambala yomwe ikakwera chithunzi chimawala, ndaitsitsa mpaka kumapeto, ndipo mababu ndawasunthira kumbuyo. Apa ndaona kuti babu likachoka pa masentimita 20 kupita pa 40, kuwala sikutsala theka, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho sunthani pang'onopang'ono.

Ngati foni yanu ilibe Pro, yesani babu musanagule. Pemphani wa musitolo aliyatse, inu mulilozetse kamera pa slow motion. Babu lothwanima limaonekeratu likuphethira pa vidiyo. Ena musitolo amadabwa, koma amalola.

12 Epulo: pepala loyera likutuluka lotuwa

Manila ndi yoyera mbee, koma pa chithunzi ikuoneka ngati phulusa, ndipo ndolo zikuda nayo limodzi. Kamera ikaona malo ambiri oyera imaganiza kuti kwawala mopitirira, n'kudetsa chithunzi chonse kuti chifike pakatikati. Mu Pro ndikukweza ISO pang'ono mpaka pepala liyere koma mikanda yoyera isasungunuke m'pepalamo. Kwa amene akujambula mwa auto: dinani pa katundu, gwiritsitsani mpaka foni itseke pomwepo, kenako kwezani m'mwamba kadzuwa komwe kamaoneka pa sikirini.

Pa 1/100 dzanja likanjenjemera pang'ono, timabowo ta mikanda timasokonekera. Ndinayamba ndi kutsamiritsa foni pa mabuku, koma imasuntha nthawi iliyonse ndikadina. Ndagula katiraipodi kakang'ono, choimikira cha miyendo itatu, kokhala ndi chopanira foni: K14,000. Ndikuikanso timer ya masekondi 3 kuti chala chichoke foni isanajambule.

China ndi mtunda. Foni ikayandikira kwambiri, mkanda womwe uli pafupi umakula kuposa anzake ndipo chibangili chozungulira chimaoneka chopindika. Tsopano foni ikuima kunja kwa bokosi, ndikukoka ndi 2x. Galasi la kamera ndikupukuta nthawi iliyonse ndisanayambe, chifukwa mafuta a zala amachititsa kuti zonse zioneke ngati muli nkhungu.

3 Meyi: maruni akukanabe

Mitundu yambiri tsopano ikutuluka bwino. Buluu, wobiriwira, wachikasu, palibe dandaulo. Koma mikanda yamaruni ikuoneka yabulawuni, yofiira ikuoneka yofooka, ndipo yapepo ikupita kubuluu. Ndikaitulutsa pakhonde n'kuiika pafupi ndi chithunzi chake, kusiyana kukuonekeratu. White balance, yomwe imauza kamera mtundu wa kuwala, ndasintha mbali zonse. Maruni akakhala bwino, pepala loyera limasanduka pinki.

Vuto lili m'babu momwemo. Pa chikatoni pali nambala ina, CRI, ena amalemba Ra. Imanena momwe babu limaonetsera mitundu poyerekeza ndi kuwala kwachilengedwe, ndipo imathera pa 100. Anga alembedwa 80. Ambiri otchipa salemba n'komwe. Kuonjezera apo, nambala ya Ra imawerengedwa kuchokera pa mitundu 8 yosakhwima kwenikweni. Wofiira wokhwima, womwe amautcha R9, suli m'gulumo. Babu likhoza kukhala ndi 80 koma kuwala kwake kuli ndi kufiira kochepa kwambiri. Kufiira komwe m'babu mulibe, mkanda sungakubweze ku kamera.

Kwa munthu wogulitsa nsapato zakuda kapena mbale zoyera, izi sizingamuvute. Kwa ife a mikanda ndi zitenje, pamenepa ndi pomwe pali ndalama. Anthu amagula kuti agwirizanitse ndi nsalu ya ukwati, ya chinkhoswe, ya kwaya. Mtundu ukangosiyana pang'ono, katunduyo alibenso ntchito kwa iwo, ngakhale atapangidwa mwaluso bwanji.

M'masitolo omwe ndafunsa muno mu Blantyre sindinapeze babu lolembedwa CRI yoposa 80. Msuweni wanga yemwe amaoda katundu ku Johannesburg wandibweretsera awiri a 5000K, CRI 95. Ndamupatsa K26,000. Magetsi a ku South Africa ndi 230V, 50Hz ngati athu, ndiye akuyaka popanda china chilichonse. Koma abwera a wononga, E27, osalowa m'maholda anga a mapini. Maholda atsopano: K3,600. Mukamatuma munthu, mutumizireni chithunzi cha kumunsi kwa babu lanu.

White balance ndaiika pa 5000K, yofanana ndi ya mababu, ndipo sindiisinthanso. Maruni atuluka maruni. Mababuwa sakuthwanimanso, ndayesa mpaka 1/500 mizere palibe.

Chomaliza pa nkhani ya mitundu: sikirini ya foni yanga inali pa Vivid, yomwe imakhwimitsa mitundu yonse. Ndaibweza pa Natural. Chithunzi chilichonse cha mtundu wovuta ndikumachionanso pa foni ya mng'ono wanga ndisanachitumize. Mafoni a makasitomala sindingawalamulire, koma chochoka kwa ine chizikhala choona.

24 Meyi: zonyezimira

Ndolo zamkuwa zili ngati kalilole, zimaonetsa chilichonse chomwe chili patsogolo pake. Pakati pa ndolo iliyonse pakuoneka banga lakuda. Ndi khomo la bokosi lomwe lili pululu, pamodzi ndi foni ndi ine amene. Ndadula manila yoyera yotseka khomo lonse, n'kuboola kabowo kongokwanira kamera. Banga latha.

Litatha, ndolo zayera mbali zonse mpaka sizikuonekanso ngati zachitsulo. Zangokhala zafulati. Chitsulo chimadziwika ndi mzere wakuda womwe umayenda m'mphepete mwake. Ndagula manila yakuda, K1,500, ndadula timizere ta zala ziwiri m'lifupi, n'kuimika kamodzi mbali iliyonse kunja kwa malo omwe kamera ikuona. Ndikusuntha timizereto ndikuyang'ana pa sikirini mpaka mdima ugwere m'mphepete mwa ndolo. Apa palibe muyeso, ndolo iliyonse imafuna pake. Zolendewera ndikuzikoleka pa ulusi wa mbedza womangidwa kuchoka khoma lina kufika lina, suoneka pa chithunzi. Muyenera kudikira zisiye kugwedera.

Uchi ndi nkhani ina. Ukaunikira kutsogolo, botolo limakhala ndi mabanga awiri oyera ndipo uchi umaoneka wakuda ngati mafuta a galimoto. Ndachotsa manila yakumbuyo, ndaboola windo lachinayi pa khoma lakumbuyo n'kumatapo pepala lina, babu limodzi ndaliika kuseri kwake. Kuwala kukadutsa m'botolo, uchi ukuyaka mtundu wake weniweni, ndipo wa m'nkhalango wakuderapo ukusiyana bwino ndi woyererapo. Lebulo inada chifukwa kuwala kuli kumbuyo, ndiye ndaimika pepala loyera kutsogolo, m'mbali pang'ono, kuti libwezere kuwala pa lebulo. Botolo lipukuteni ndi nsalu, muligwire pa chivindikiro. Zidindo za zala zimaoneka zonse.

14 Juni: magetsi akathima

Nthawi yanga yojambula ndi madzulo, ana akagona, ndipo ndi nthawi yomwenso magetsi amakonda kuthima kwathu. Ndagula lamba wa timagetsi ta LED, wa 5V, wolumikiza pa USB: K16,000. Sindinamudule, ndipo nanunso musamudule ngati mulibe wowotcherera. Ndangomuzunguliza kunja kwa bokosi, kuseri kwa mapepala, n'kumulumikiza ku power bank ya 10,000mAh yomwe ndinali nayo kale. Imakwana madzulo onse.

Poyamba ndinamata lambayo pafupi kwambiri ndi pepala, ndipo kagetsi kalikonse kankaoneka pakokha ngati kadontho pa mikanda yagalasi. Ndamutalikitsa masentimita 8 pomumata pa timitengo. Madontho aphatikizana n'kukhala kuwala kumodzi.

Mphamvu ya batire siigunda ngati ya pakhoma, ndiye sindinkayembekeza mizere. Koma lambayu ali ndi kabatani kochepetsera kuwala, ndipo ndikangochepetsa mizere yabwerera, yopyapyala kuposa yoyamba ija. Kabataniko kamachepetsa kuwala poyatsa ndi kuzimitsa mwachangu kwambiri. Tsopano kamakhala pamapeto nthawi zonse. Ndikafuna kuchepetsa ndikuonjezera pepala lachiwiri.

Lambayu ndi wa 6500K ndipo CRI sanalembe. Ndikamamugwiritsa ntchito white balance ndikuisintha, ndipo ndikujambula zamkuwa, zoyera, zakuda ndi zabuluu zokha. Zofiira ndi zamaruni zimadikira magetsi.

5 Julayi: chiperoni chagwetsa katoni

Masiku a chiperoniwa chinyezi chalowa m'nyumba. Denga la katoni labwama pakati, selotepi yamatuka, ndipo tracing paper wachita makwinya omwe akuponya timithunzi pa manila. Katoni yagwira ntchito yake, yandiphunzitsa miyeso yomwe ndikufuna.

Ndapita nayo ku Ndirande kwa akalipentala ena achikulire. Atayizungulira anati, "Mwana wanga, ichi mukufuna chopepuka, chonyamula ndi dzanja limodzi. Mapulanga olemera musawononge nawo ndalama." Apanga felemu ya timitengo ta paini, masentimita 60 mbali zonse, pansi ndi pulayiwudi yopyapyala. Pamwamba aikapo kathabwa kodutsa pakati kokhala ndi bowo la kamera, kuti ndizigoneka foni pojambula mikanda ya m'khosi yoyalidwa pansi. Ganizo limeneli ndi lawo, ine sindinalipemphe. Zonse pamodzi ndi penti yoyera yosanyezimira: K35,000. Penti ikhale yosanyezimira ndithu, ya gloss imaponya mabanga.

M'malo mwa mapepala ndagula popilini woyera mamita awiri, K6,000, n'kumukoka bwino ndi timisomali ta mitu. Nsalu imodzi ikulola babu kuoneka ngati chibanga chowala pakati, ndiye ndaika ziwiri zosiyana pang'ono. Ikada ndingathe kuchapa. Kumunsi kwa babu la LED kumatentha ndithu ngakhale galasi lake silitentha kwambiri, choncho pakati pa babu ndi nsalu pali mpata wa chikhatho.

Ndawerengetsa zonse kuyambira Malichi: K135,400. Zapitirira mtengo wa kabokosi ka ku Limbe kaja. Sindikudandaula, chifukwa kaja ndi kakang'ono, timagetsi take sitinalembedwe CRI, sikalola kuunikira botolo kumbuyo, ndipo katiraipodi ndikanagulabe. Koma amene akuyamba lero atha kudumpha mababu oyamba ndi maholda a mapini, n'kuyambira pa mababu abwino ndi katoni. Ndalama ya felemu ingadikire.

Uchi nawo wayamba kuuma m'mabotolo chifukwa cha kuzizira, ndipo wouma sulola kuwala kudutsa. Botolo lojambula ndikuliviika m'madzi ofunda mpaka usungunuke. Pansi pa chithunzi ndikulemba kuti nyengo yozizira ukhoza kufika wouma, ndipo sikuti waonongeka kapena wathiridwa shuga.

26 Julayi: kukula kwa katundu ndi kutumiza

Dandaulo latsopano labwera chifukwa zithunzi zayamba kuoneka bwino. Ndolo yaing'ono ikadzaza sikirini yonse pa pepala loyera, munthu sadziwa kukula kwake. Mtsikana wina anaitanitsa poganiza kuti ndi zazikulu zofika m'mapewa, pomwe ndi za masentimita 3. Tsopano katundu aliyense ali ndi zithunzi zitatu: ali yekha, ali pafupi ndi rula, ndi ali pa khutu kapena pa mkono wa mng'ono wanga. Cha pa mkono tikujambuliranso m'bokosi momwemo, amangolowetsa dzanja.

WhatsApp imachepetsa zithunzi, ndipo timizere ta pa mikanda yaing'ono timafufutika. Kuyambira Ogasiti 2023 muli kabatani ka HD potumiza chithunzi, ndipo kamathandiza. Kwa kasitomala wofuna kufananiza mtundu ndi nsalu, ndikutumiza ngati Document, chimafika momwe chinajambulidwira. Chimadya bandulo yambiri kwa tonse awiri, ndiye ndimayamba ndafunsa. Zithunzi ndikuzidula sikweya ndisanaziike pa Facebook kuti ndolo zisadulidwe m'mbali. Ma filter sindikuikanso ngakhale imodzi.

Chatsala ndi mphete. Zikagona pansi mwala wake umayang'ana kumbali, ndipo phula lomwe ndayesa kuimikira likuoneka kunsi kwake ndi kusiya mafuta pa manila. Akalipentala aja ati angathe kusema kachitsa kosongoka ka mtengo wa mbawa koti mphete izikhalapo, pa K4,000. Ndawapempha apange tiwiri, kena kapentedwe koyera kuti ndione komwe sikasintha mtundu wa siliva. Ndikatenga Loweruka likubwerali.